Chingwe cha ng'ombe mu Minecraft: chimaduka chifukwa chiyani, ndipo amachisintha bwanji?

Kuyambira mu June 2025, osewera Minecraft, gemu yomanga zinthu ndi mabuloko, akhala akukangana pa kanthu kooneka kachabechabe: chingwe chokokera ziweto. Uyu akuti popanga chingwe pamafunika slimeball (kampira kochokera ku chilombo chotchedwa slime), uyo akuti dzulo lomweli wapanga ndi ulusi wokhawokha. Wina akuti chimaduka ukatalikirana ndi ng'ombe mabuloko 10, mnzake akulumbira kuti ndi 12. Ndiye pali mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok oonetsa munthu akukoka villager (munthu wa m'mudzi wa mu gemu) pa chingwe, kapena akuuluka ng'ombe ili lende m'munsi mwake koma chingwe osaduka. Mwana wa ku Chilenje kapena ku Matero akayesa zomwezo pa foni yake zimakanika, n'kuyamba kukayika kuti kapena anamuikira gemu yabodza.

Nthawi zambiri onsewa amakhala akunena zoona. Chowasiyanitsa ndi mtundu wa gemu imene aliyense ali nayo, nthawi imene inatuluka, komanso ngati pali wina amene analowetsapo dzanja n'kusintha malamulo ake.

Zimene gemu imachita mukamanga ng'ombe

Pa sikirini mumaona kachingwe kofiirira, kolendewera pang'ono pakati, kochokera m'dzanja lanu kukafika pa nyama. Kameneko ndi chithunzi chabe. Sikakodwa mu mtengo, kamadutsa m'khoma ngati mulibe kanthu, ndipo palibe amene angapunthwe nako. Chimene chilipodi ndi kachidziwitso kosungidwa pa nyamayo konena kuti wondigwira ndi uje. Ujeyo akhoza kukhala wosewera, amene gemu imamudziwa ndi nambala yaitali yotchedwa UUID, kapena mfundo ya pa mpanda, yodziwika ndi malo ake a X, Y ndi Z.

Dziko la Minecraft limasuntha ka 20 pa sekondi iliyonse. Kusuntha kumodzi amakutcha tick, ndipo kumatenga mamilisekondi 50. Pa tick iliyonse gemu imayeza mtunda wa pakati pa nyama ndi woigwira, kenako n'kusankha chochita. Mu Java Edition, Minecraft ya pa kompyuta, zochitazo zinali zitatu June 2025 asanafike. Ng'ombe ikakhala mkati mwa mabuloko 6 imayenda yokha kukutsatani, ikufunafuna njira ndi miyendo yake, n'kuima ikatsala pang'ono kukugundani. Ikapitirira 6, gemu imasiya kudalira miyendo ija n'kuyamba kuikankhira kwa inu. N'chifukwa chake mumaona nkhosa ikudumpha ngati yamangidwa pa lasitiki, mpaka kukwera chitunda chimene payokha sikanakwera. Ikapitirira 10, chingwe chimaduka n'kugwera pansi kuti mutole.

Amene anakokapo mbuzi kuchokera ku msika wa Chibolya magawo atatuwa amawadziwa: chingwe chikakhala cholendewera mbuzi imabwera yokha, chikakungika mumaikhwekhwereza ikukana ndi miyendo yonse inayi, mukachita liuma china chake chimaduka. Kusiyana kwake n'kwakuti chingwe chenicheni chimagonja ndi mphamvu, pomwe cha mu gemu chimagonja ndi mtunda basi. Nkhuku ndi kavalo zimadula chingwe pa nambala imodzimodzi.

Liwiro ndiye limaputa zonse. Wosewera akamayenda amadutsa mabuloko 4 ndi pang'ono pa sekondi, akamathamanga pafupifupi 5 ndi theka. Kavalo wothamanga kwambiri amafika cha m'ma 14, ndipo mapiko oulukira otchedwa elytra okankhidwa ndi ma firework amapitirira 30. Ng'ombe ikangokodwa kuseri kwa mtengo kwa sekondi imodzi inu muli pa kavalo, mabuloko 10 akwana kale.

Choncho munthu akati wasintha chingwe, amakhala wakhudza chimodzi mwa zinthu izi: manambala a mtunda, chochitika nambala ikakwana, mndandanda wa zimene zingamangidwe, kapena njira yopangira chingwecho.

Mmene eni ake akhala akuchisinthira

Minecraft inayambidwa ndi Markus Persson ku Sweden mu 2009, n'kutuluka yathunthu mu November 2011, ndipo Microsoft inagula kampani yake ya Mojang mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. M'zaka zoyambirirazo chingwe kunalibe. Wofuna kusamutsa ng'ombe ankanyamula tirigu m'manja n'kumayenda chafutambuyo, ng'ombe ikumutsatira, kenako n'kutembenuka ikatopa naye. Chingwe chinabwera mu July 2013, mu mtundu wa 1.6, pamodzi ndi akavalo.

Kapangidwe kake kanali ndi chopunthwitsa. Pa tebulo lopangira zinthu la timabokosi 9, ulusi mumaika m'timabokosi tiwiri toyamba ta mzere wa pamwamba, wina m'kabokosi koyamba ka mzere wa pakati, wina pa ngodya ya kumanja m'munsi, pakati penipeni n'kuikapo slimeball. Zimatuluka zingwe ziwiri. Ulusi ndi wosavuta, akangaude ali paliponse usiku. Koma slime imapezeka m'madambo usiku kapena pansi kwambiri m'malo owerengeka, ndiye munthu ankatha kukhala ndi khola lodzaza asanaionepo n'kamodzi komwe. Mu 2019, mu 1.14, munabwera wamalonda woyendayenda wokoka ma llama awiri pa zingwe, ndipo tinene chilungamo, osewera ambiri ankamulandira chifukwa cha zingwezo osati katundu wake.

Mu June 2024, Java 1.21 inalola kumanga bwato pa chingwe, zimene osewera Bedrock, Minecraft ya pa mafoni, anali nazo kale. Kusintha kwakukulu kunadza pa 17 June 2025 ndi mtundu watsopano wotchedwa Chase the Skies, umene pa Java ndi 1.21.6. Slimeball inachotsedwa, chingwe n'kukhala cha ulusi 5. Mtunda wodukira unachoka pa 10 kufika pa 12. Nyama inayamba kumangika ku nyama inzake, kotero mukhoza kupanga mdipiti wa ziweto mutagwira ya kutsogolo yokha. Sizasi yometera nkhosa inayamba kudula zingwe. Zonsezi zinakonzedwa poganizira happy ghast, chinyama choyandama m'mwamba chimene chimanyamula anthu anayi ndipo chimatha kulendewetsa bwato ndi zingwe zinayi; chingwe chake chimafika mabuloko 16.

Mkangano wa 10 ndi 12 uja wathera pamenepa. Amene sanaike gemu yatsopano, mwina chifukwa bando ya intaneti ndi yodula kapena foni yadzaza, akadali pa malamulo akale.

Pa foni: add-on

Pali Minecraft ziwiri zofanana nkhope koma zosiyana m'kati. Java Edition ndi yoyambirira ija, ya pa kompyuta pokha. Bedrock Edition inamera kuchokera ku Pocket Edition ya 2011, inalembedwa mu C++, ndipo ndi imene ili pa mafoni, pa Xbox, PlayStation, Switch komanso Windows. Muno mu Lusaka mafoni ndi ochuluka kuposa makompyuta, ndiye tiyambire kumeneko.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya chingwe, wa pa foni ndi amene ali ndi njira yapafupi. Mu Bedrock khalidwe la nyama iliyonse linalembedwa m'fayilo ya JSON yoti munthu angathe kuwerenga, ndipo Mojang yokha imapereka mafayilowa kuti anthu akopere. Mukatsegula ya ng'ombe mupeza chigawo chotchedwa minecraft:leashable. M'kalembedwe kakale, kasanakonzedwenso mu 2025, m'munsi mwake munali mizere itatu: soft_distance pa 4, hard_distance pa 6, max_distance pa 10. Woyamba ndi pamene kukoka kumayambira mofewa, wachiwiri pamene kumalimba, wachitatu pamene chingwe chimaduka. Mukafufuta nambala ya max_distance n'kulemba 30, n'kusunga fayiloyo mu behavior pack (mtundu wa add-on, phukusi la mafayilo osintha khalidwe la zinthu mu gemu), n'kuiyatsa pa dziko lanu, ng'ombe yanu yapeza chingwe chachitali. Mukakopera chigawo chonsecho n'kuchiika m'fayilo ya villager, mwapeza zija za pa TikTok. Pa Android, fayilo yothera ndi .mcpack kapena .mcaddon mumangoidina, gemu n'kuilowetsa yokha.

Msampha uli apa. Fayilo yanu ya ng'ombe siwonjezera pa ya Mojang, imailowa m'malo yonse. Mu March 2025 Mojang inabweretsa mitundu ya ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku ya kumalo ozizira ndi otentha. Add-on yokopedwa izi zisanachitike imanyamula ng'ombe yakale ndi zonse zimene inalibe. Add-on ziwiri zikakhudza ng'ombe yomweyo, ya pamwamba pa mndandanda ndi imene imamveka. Ndipo kalembedwe ka chigawo cha chingwe nako kanakonzedwanso mu 2025, choncho malangizo a muvidiyo ya zaka zitatu zapitazo sangagwirizane nthawi zonse ndi fayilo imene muli nayo lero.

Pa kompyuta: data pack

Iyi ndi njira yovomerezeka ya Java, inabwera mu 2018 ndi 1.13, ndipo safuna kuika pulogalamu ina iliyonse. Imasintha kapangidwe ka zinthu mosavuta. Chingwe chopanda slimeball anthu ankadzipangira motere kalekale Mojang isanachite. Koma manambala a mtunda siingawakhudze, chifukwa pa Java anakhomeredwa m'kati mwa code. Chimene ingathe ndi kuzembera: kuyendetsa lamulo pa tick iliyonse loti nyama yomangidwa ikatsalira, ibweretsedwe pafupi chingwe chisanaduke.

Pa seva: plugin

Anthu akamasewera limodzi pa intaneti, dziko lenileni limakhala pa seva. Kompyuta ya wosewera imangojambula zimene yauzidwa. Seva ndi imene imayeza mtunda, ndi imene imadula chingwe, kenako n'kutumiza uthenga woti chithunzi chija chifufutidwe. Zotsatira zake n'zakuti mwini seva akhoza kusintha khalidwe la chingwe kwa aliyense popanda osewerawo kuika kanthu.

Amachita izi ndi plugin, kapulogalamu koyenda pa seva za mtundu wa Bukkit, Spigot kapena Paper, zimene ndi mzere umodzi wobadwana. Seva yotere imalengeza chinthu chikamachitika, plugin n'kumvetsera. Wosewera akamamanga nyama pamalengezedwa PlayerLeashEntityEvent. Chingwe chikamachoka pamalengezedwa EntityUnleashEvent, ndipo chifukwa chake chimatchulidwa: DISTANCE ngati ndi mtunda, HOLDER_GONE ngati wogwira wasowa, PLAYER_UNLEASH ngati munthu wamasula yekha. Pa Paper, plugin imatha kukana kuti kudukako kuchitike, kapena kulola koma chingwe osagwera pansi.

Pomva zimaoneka ngati ntchito ya mizere isanu: chifukwa chikakhala DISTANCE, kana. Apa ndi pamene olemba atsopano amadabwa. Mwakana kuduka, chabwino, koma ng'ombe ikadali mabuloko 20 kumbuyo, ndipo pakatha mamilisekondi 50 gemu iyezanso, ipezanso kuti mtunda wapitirira, ilengezenso. Muyenera kusankha chochita ndi ng'ombeyo. Mukaikankha ndi mphamvu yolingana ndi mtundawo imabwera ngati mwala wa pa legeni, n'kukafera pa thanthwe chifukwa cha kugwa. Mukaisamutsa pompopompo kuti ikhale pamene pali wosewera, muonetsetse kuti pali malo okwanira, apo ayi ilowa m'khoma n'kubanika, kapena itera m'chiphalaphala cha moto chimene wosewerayo akudumpha. Palinso nkhani ya ma chunk. Dziko linagawidwa m'zigawo za mabuloko 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, ndipo seva imayendetsa zokhazo zimene zili pafupi ndi osewera. Wouluka ndi elytra akhoza kusiya ng'ombe m'chigawo chimene seva yachigoneka. Nyama ya m'menemo siyenda, siyezedwa, sikokedwa. Chingwe chosaduka chenicheni palibe. Chilipo ndi chingwe chokhala ndi malire ena, osankhidwa ndi wolemba plugin.

Nanga zomanga wosewera mnzako, zimene zimaoneka pa seva zochita sewero la apolisi ndi akaidi? Lamulo la setLeashHolder, limene plugin imamangira nalo chingwe, siligwira pa osewera. Olemba amabisa kanyama kosaoneka pamene paima womangidwayo, chingwe n'kumangidwa pa kanyamako, kenako womangidwayo n'kumakokedwa ndi code ina yapadera. Chimene mumaona ndi chinyengo cha maso, chochitidwa mwaluso.

Kulowa m'kati mwenimweni: mod

Mod ndi yosiyana ndi plugin chifukwa imasintha code ya gemu yeniyeniyo. Imayenda pa zonyamulira monga Forge, imene ilipo kuyambira 2011, Fabric, ndi NeoForge imene inapatukana ndi Forge mu 2023. Chida chofala ndi Mixin: wolemba amaloza malo enieni m'code, mwachitsanzo pamene mtunda ukuyerekezedwa ndi nambala yodukira, n'kulamula kuti gemu ikamayaka nambalayo ilowedwe m'malo ndi ina. Momwemonso amasintha yankho la funso loti kodi chamoyo ichi chingamangidwe. Mu gemu yosasinthidwa yankho ndi inde kwa ziweto, njuchi, ma dolphin, iron golem ngakhalenso hoglin, koma ndi ayi kwa villager, zombie ndi creeper. Mod ingasinthenso maonekedwe a chingwecho, kuchisandutsa unyolo kapena kuchilendewetsa pakati pa mipanda iwiri ngati chokongoletsa, ndipo zikatero aliyense wolowa pa seva ayenera kukhala nayo pa kompyuta yake.

Kwa zaka zambiri code ya Java inkatuluka mayina ake atasokonezedwa dala, ndipo odzipereka ankakhalira kumasulira kuti chilembo chakuti chikuimira chiyani. Mojang inayamba kupereka mndandanda wa mayina enieni mu 2019, ndipo kumapeto kwa 2025 inalengeza kuti isiyiratu kusokonezako. Izi zapeputsa ntchito, koma sizinachotse vuto lalikulu: Mixin imagwira pamalo enieni, ndiye Mojang ikalembanso gawo la chingwe monga inachitira mu 1.21 ndi 1.21.6, mod yakale imasowa pogwira ndipo gemu imakana kuyaka.

Mod ndi pulogalamu yathunthu yokhala ndi mphamvu pa kompyuta yanu. Mu June 2023 kachilombo kotchedwa Fractureiser kanafalikira kudzera m'mafayilo a pa tsamba la ma mod la CurseForge ndi pa tsamba la ma plugin a Bukkit, kakuba mapasiwedi. Ngati zinachitika pa malo odziwika chonchi, fayilo yongotumizirana pa WhatsApp kapena yokopera pa fulashi ya mnzanu muziiganizira kawiri.

Pamene vuto si chingwe

Pali kuduka kwina kumene kusintha nambala sikungachize kwenikweni, ndipo osewera a kuno amakumana nako kawirikawiri. Zambia ilibe gombe. Uthenga wopita ku seva ya ku Ulaya umayamba wayenda pamtunda kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja, ndipo ulendo wopita ndi kubwera umadya ma tick angapo. Kuchedwa kokhazikika kotere sikudula chingwe pakokha. Chodula ndi kudukiza: netiweki ikaima kwa sekondi ziwiri inu mukuthamangabe pa sikirini yanu, mauthenga onse amafika pamodzi, seva n'kuona ngati mwadumpha mabuloko khumi pa kamphindi.

Zimachitikanso seva ikalemedwa. Tiyerekeze anyamata a ku Kalingalinga asandutsa laputopu yakale kukhala seva, alowamo asanu ndi mmodzi, aliyense ndi khola lake. Laputopuyo ikayamba kukwanitsa ma tick 10 okha pa sekondi m'malo mwa 20, ng'ombe zimayenda theka la liwiro lake, pomwe wosewera akuyendabe monga mwa nthawi zonse chifukwa kuyenda kwake kumawerengedwa pa kompyuta yake. Zingwe zimaduka motsatizana. Mwini seva akakweza mtunda kufika pa 30 madandaulo amachepa, koma nthenda ili pa laputopu. Seva yapafupi, monga ya ku Johannesburg, ingachepetse vuto loyamba lija. Lachiwirili limafuna makina amphamvu kapena ziweto zochepa.

Zimene sizinagwirizanidwe

Funso lakale kwambiri ndi la villager. Ofuna kuti azimangika amati kuletsako n'kwachiphamaso, popeza osewera amawasamutsa kale m'mabwato ndi m'timangolo ta pa njanji, ndipo kuyambira 2024 ngakhale pa Java mukhoza kumuika m'bwato n'kukoka bwatolo ndi chingwe. Otsutsa amati kuvutikako ndi mbali ya gemu, chifukwa malonda a ma villager ndi amphamvu kwambiri moti kuwasonkhanitsa kukaphweka zina zonse zitaya phindu. Enanso safuna n'komwe kuona chinthu chooneka ngati munthu chili pa chingwe, ndipo ndi mbiri ya kuno kwathu, maganizo amenewo si ofunika kuwafotokoza nthawi yaitali. Mpaka pano Mojang yasiya lamuloli mmene lilili.

Lina ndi la mphamvu za mwini seva. Chingwe chachitali chimathandiza mlimi, koma chimathandizanso wakuba kukoka kavalo wa mnzake ali kuseri kwa mpanda. Kodi nyama ya wina izimangika ndi aliyense? Mu Bedrock muli mzere wa can_be_stolen wonena ngati nyama yomangidwa kale ingalandidwe ndi wosewera wina. Pa Java aliyense amadzilembera lamulo lake, ndipo seva ziwiri sizifanana.

Pali nkhani ya ndalama. Malamulo a Mojang amati mod imene mwalemba ndi yanu koma simungaigulitse, pomwe pa Marketplace ya Bedrock, imene inatsegulidwa mu 2017, makampani ovomerezeka amagulitsa add-on ndi ma Minecoin, ndalama za mu gemu. Wophunzira wa ku UNZA wodziwa chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha Java akhoza kulemba mod ya chingwe masana amodzi, koma njira yopezerapo kwacha ndi yopapatiza, ndipo anthu amasiyana maganizo ngati zimenezi zikuteteza osewera kapena sitolo.

Chomaliza chikukhudza amene adzasamale tima mod ting'onoting'onoti. Mu 2024 Mojang inasiya kutulutsa kusintha kumodzi kwakukulu pa chaka n'kuyamba kutulutsa kochepa kangapo. Mod ya chingwe nthawi zambiri imalembedwa ndi munthu mmodzi pa nthawi yake yopuma, ndipo tsopano ayenera kuiyesanso miyezi ingapo iliyonse. Ena akupempha kuti manambala a mtunda pa Java atulutsidwe m'code aikidwe poti data pack ingawafikire, monga zilili pa Bedrock. Ngati Mojang idzachita zimenezo, ndi liti, sinanenepo.